PMIP: Bungwe Limene Limayesa Makompyuta ndi Nyengo Zamakedzana

Mu 1991 akatswiri a zanyengo anakumana ku Saclay, kufupi ndi mzinda wa Paris ku France, pa msonkhano umene unathandizidwa ndi nthambi ya sayansi ya NATO. Nthawi imeneyo malo angapo a kafukufuku ku America, ku Ulaya, ku Japan ndi ku Australia anali atapanga kale mamodelo a nyengo, ndipo onse ankagwirizana kuti mpweya wa carbon dioxide ukachuluka, dziko litentha. Posiyana panali pa kukula kwa kutenthako ndi kumene mvula idzasamukire. Wonena zoona anali ndani? Zam'tsogolo sizili ngati chimanga choti n'kuika pa sikelo, ndipo kudikira chaka cha 2100 kuti tione amene analondola n'kudikira madzi afike m'khosi.

Modelo ya nyengo ndi pulogalamu ya pakompyuta imene imagawa mlengalenga ndi nyanja m'timabokosi zikwizikwi. M'kabokosi kalikonse kompyuta imawerengetsa mphepo, kutentha ndi chinyezi potsatira malamulo a fizikisi, kenako n'kusunthira patsogolo mphindi zingapo n'kuwerengetsanso, mpaka zaka mazana zitakwana. Koma zinthu zina, makamaka mitambo, n'zazing'ono kuposa kabokosiko, choncho opanga modelo amaziyerekeza ndi malamulo achidule amene amawasintha pang'onopang'ono mpaka nyengo ya m'kompyuta itafanana ndi ya panja. Ndiye modelo ikakhoza nyengo ya lero, ili ngati mwana wa sukulu amene wapeza pa mayeso mafunso omwe aja anayeserera m'kalasi. Pamafunika funso limene sanalionepo koma yankho lake likudziwika. Mafunso otere alipo, ndipo mayankho ake anakwiririka m'matope a pansi pa nyanja, m'mungu wa zomera zakale, m'madzi oundana ndi m'mafupa.

Pa msonkhano wa ku Saclay ndi pamene panabadwira Paleoclimate Modelling Intercomparison Project, mwachidule PMIP. Otsogolera oyamba anali Sylvie Joussaume wa ku France ndi Karl Taylor wa ku Lawrence Livermore National Laboratory ku California.

Sanayambire pa tchire losalimidwa. Mu 1976 gulu la CLIMAP linatulutsa mapu a kutentha kwa pamwamba pa nyanja pa nthawi imene madzi oundana anakuta mbali yaikulu ya kumpoto kwa dziko, ndipo chaka chomwecho Larry Gates anaika mapuwo m'modelo yake. Mu 1981 John Kutzbach wa ku yunivesite ya Wisconsin anaonetsa kuti kungosintha njira imene dziko limayendamo pozungulira dzuwa, kuibwezera mmene inalili zaka 9,000 zapitazo, kumakulitsa mvula ya monsoon ku Africa ndi ku Asia. Ntchito ya COHMAP inapitiriza mzere umenewu mpaka m'ma 1980. Chovuta chinali chakuti aliyense ankagwiritsa ntchito modelo yake ndi ndondomeko yake, kotero zotsatira zikasiyana sipankadziwika ngati chasiyanitsa ndi modelo kapena kakonzedwe ka kuyesako. Gates yemweyo anali atangoyambitsa AMIP, ntchito yopatsa mamodelo onse funso limodzi la nyengo ya masiku ano. PMIP linatenga nzeru imeneyi n'kupita nayo kumakedzana.

Anasankha nthawi ziwiri. Ina inali zaka 21,000 zapitazo, pachimake pa nyengo yozizira ija. Inayo inali zaka 6,000 zapitazo, ndipo imeneyi ndi imene inadzavutitsa bungweli kuposa mmene aliyense ankaganizira.

Ndondomeko ya nthawi yachiwiriyi inali yosavuta. Gulu lililonse linauzidwa kuti lisiye kutentha kwa nyanja ndi zomera mmene zilili lero, liike carbon dioxide pa magawo 280 pa miliyoni, ndipo lisinthe kayendedwe ka dziko kokha. Zaka 6,000 zapitazo dziko linali lopendekeka kwambiri pang'ono, madigiri pafupifupi 24.1 pamene lero ndi 23.4, ndipo linkayandikira dzuwa cha mu September osati mu January ngati masiku ano. Chifukwa cha zimenezi, kumpoto kwa ikweta dzuwa la m'chilimwe linkawomba mwamphamvu ndi pafupifupi magawo 5 pa 100. Mtunda unkatentha kwambiri, n'kumakoka mphepo yachinyezi yochokera kunyanja.

Mmene Sahara inalili nthawi imeneyo si nkhani yongopeka. Pa miyala ya ku Tassili n'Ajjer ku Algeria pali zojambula za ng'ombe ndi abusa ake. M'malo amene lero ndi mchenga wokhawokha mwapezeka mafupa a mvuu, ng'ona ndi nsomba. Nyanja ya Chad inakula mpaka kufika masikweya kilomita 350,000 kapena kuyandikira pamenepo, ndipo mungu umene ntchito ya BIOME 6000 inasonkhanitsa unaonetsa udzu ndi zitsamba mpaka madigiri 23 kumpoto kwa ikweta. Mu 1999 Joussaume ndi anzake anasindikiza zotsatira za mamodelo 18. Onse anakulitsa mvula ya kumadzulo kwa Africa, zimene zinali zolondola. Koma panalibe ngakhale imodzi imene inaifikitsa mvulayo kumpoto kokwanira kumeretsa udzu m'mene udzu unameradi.

Ine ndimaona kuti apa ndi pamene bungweli linaonetsa khalidwe lake. Zikanakhala kuti modelo imodzi yokha ndiyo yalephera, eni ake akanaikonza mwakachetechete, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma onse 18 analephera mofanana, pagulu, m'pepala limene onse analembapo maina awo. Kulephera kofanana kotere kumaloza chinthu chimene onse anachisiya kunja. Jule Charney anali atanena kale mu 1975 kuti mchenga wowala umabweza kuwala kwa dzuwa ndipo potero umapha mvula, pamene nthaka yokutidwa ndi zomera imasunga kutentha ndi chinyezi n'kuitana mvula yambiri. Mamodelo 18 aja sankalola zomera kumera kapena nyanja kusintha. Akatswiri angapo, kuphatikizapo Martin Claussen ku Germany, Kutzbach ku America ndi Pascale Braconnot ku France, anayesa kumasula zinthu ziwirizi ndipo mvula inasunthadi chakumpoto.

Choncho gawo lachiwiri la PMIP, limene linakhazikitsidwa pa msonkhano wa ku Cambridge mu 2002, linagwiritsa ntchito mamodelo olumikiza mlengalenga ndi nyanja, ena ndi zomera zomwe. Zinthu zinasinthako, koma Sahara ya m'kompyuta inakhalabe youma kuposa Sahara ya m'mungu. Ife a kumwera kwa ikweta nkhaniyi imatikhudza mwa njira yake: kusintha komweko kwa kayendedwe ka dziko kunachepetsa mphamvu ya dzuwa la m'dzinja lathu, ndipo mamodelo ambiri amaonetsa mvula ya monsoon ya kumwera itafooka pa nthawi imene ya kumpoto inkakula. Chida chimene chikuvutika kufotokoza mmene mvula ya Africa inasamukira kale ndi chomwecho chimene timafunsa za mvula ya zidzukulu zathu. N'chifukwa chake sindiona ntchitoyi ngati ya kutali.

PMIP silinakhalepo bungwe la nyumba zosanja ndi antchito olipidwa pamwezi. Magulu amalowamo mwa kufuna kwawo, ndi ndalama za kafukufuku wawo komanso nthawi imene apatsidwa pa makompyuta akuluakulu a m'maiko awo. Chimene chimawamanga pamodzi ndi ndondomeko yolembedwa, nkhokwe ya zotsatira imene aliyense angatsegule, ndi misonkhano ya apo ndi apo, monga wa ku Collonges-la-Rouge mu 1995. Linalandiridwa pansi pa ambulera ya World Climate Research Programme ndi PAGES. Ntchito yovuta kwambiri, imene siionekera m'manambala, inali kukhazika pa mphasa imodzi mitundu iwiri ya anthu. Ena amakhala pakompyuta ndipo amafuna nambala imodzi pa kabokosi kalikonse. Ena amathera zaka akuwerenga mungu pa maikulosikopu ndipo amadziwa kuti chitsime chimodzi cha matope chimanena za dera lake lokha, mwinanso za nyengo imodzi ya pachaka. Anthu ngati Sandy Harrison anathera moyo wawo wa ntchito akumanga mlatho pakati pa magulu awiriwa.

Gawo lachitatu linabweretsa kusintha kumene kumaoneka kochepa koma n'kolemera. Kuyesa kwa nyengo zakale kunalowetsedwa mu CMIP5, ntchito yaikulu imene zotsatira zake zinagwiritsidwa ntchito mu lipoti la 2013 la IPCC, bungwe la maiko loona za kusintha kwa nyengo. Tanthauzo lake n'lakuti modelo imene ikulosera zam'tsogolo ndi yomweyo imene iyenera kuyesedwa ndi zakale, osati mng'ono wake wochepetsedwa kuti athamange msanga.

Komabe panali mpata. Kutentha kwa zaka 6,000 zapitazo kunabwera ndi dzuwa, ndipo kunali kwa nyengo zina ndi madera ena. Kumene dziko likulowera tsopano ndi kutentha kwa carbon dioxide. Kuti apeze dziko lofanana nalo anayenera kubwerera zaka mamiliyoni.

Mu 2008 kunayamba PlioMIP, motsogozedwa ndi Alan Haywood wa ku Leeds ndi Harry Dowsett wa ku United States Geological Survey, amene gulu lake la PRISM linali litathera zaka pafupifupi 20 likumanga mapu a dziko la zaka 3 miliyoni zapitazo, nthawi ya Pliocene. Nthawi imeneyi ndi yokoma kwa woyesa, chifukwa makontinenti anali kale pafupifupi pamene alili lero ndipo zamoyo zambiri za m'nyanja za nthawiyo zikadalipo. Carbon dioxide anali pakati pa magawo 360 ndi 420 pa miliyoni, dziko linali lotentha ndi madigiri 2.5 mpaka 4 kuposa zaka za 1850 mpaka 1900, ndipo nyanja inali pamwamba ndi mamita 5 mpaka 25. Mu 2013, chaka chimene zotsatira zoyamba za PlioMIP zinatuluka, makina oyezera mpweya a pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii anafika pa 400 kwa nthawi yoyamba. Lero tadutsa 420. Mamodelo oyamba a PlioMIP anasiya kumpoto kwa nyanja ya Atlantic kuli kozizira kuposa mmene zigoba za m'matope zinkanenera. Pa gawo lachiwiri akatswiri a miyala anakonza mapu: anatseka Bering Strait ndi mipata ya pakati pa zilumba za kumpoto kwa Canada, ndipo kusiyanako kunachepa. Mamodelo 16 a gawo limeneli, mu 2020, anapereka kutentha kowonjezereka kwa pakati pa madigiri 1.7 ndi 5.2, pakatikati pake 3.2. Nthawi zina cholakwika sichikhala fizikisi koma mapu amene modelo yapatsidwa.

Mayeso ovuta koposa anali a Eocene, zaka pafupifupi 50 miliyoni zapitazo, ndipo apa m'pofunika kudekha.

M'ma 1970 Mary Dawson wa ku Carnegie Museum ndi mnzake Robert West anakumba pa chilumba cha Ellesmere, kumpoto kwenikweni kwa Canada, kumene dzuwa limasowa miyezi ingapo pachaka. Anapeza mafupa a ng'ona za mtundu wa alligator ndi afulu akuluakulu, nyama zosapirira chisanu choopsa. Mu 2004 zombo zinaboola pansi pa nyanja ya Arctic pa Lomonosov Ridge, ndipo matope ake anaonetsa kuti zaka pafupifupi 56 miliyoni zapitazo madzi a pamenepo anafika madigiri 23, kutentha kosambira bwinobwino. Mu 2010 chombo cha JOIDES Resolution chinaboola kufupi ndi gombe la Wilkes Land ku Antarctica, ndipo m'matopemo munapezeka mungu wa akanjedza ndi wa mitengo ya m'banja limodzi ndi mlambe. Tangoganizani: achibale a mlambe pa gombe la Antarctica, akupirira usiku wa masabata ambiri popanda kuuma ndi chisanu.

Kuyambira m'ma 1980, pamene Eric Barron ndi Warren Washington ankayesa nyengo ina yotentha yamakedzana, ya Cretaceous, ku malo a kafukufuku a NCAR mumzinda wa Boulder, mamodelo ankagwa pa mwala umodzimodzi. Ukawonjezera carbon dioxide kuti nsonga za dziko zifunde, madera a ku ikweta ankapsa mopitirira umboni. Ukauchepetsa kuti ku ikweta kukhale bwino, ng'ona za ku Ellesmere zinkafa ndi chisanu. Mbali ina ya mfundoyi inamasukira ku Tanzania. Paul Pearson ndi anzake anapeza m'dongo la m'mphepete mwa nyanja, cha ku Kilwa ndi Lindi, zigoba za tizamoyo ting'onoting'ono totchedwa foraminifera zosungika bwino mpaka kumawala ngati galasi. Mu 2001 anaonetsa kuti zigoba za pansi pa nyanja yakuya zimene anthu ankadalira zinali zitasinthika ndi madzi ozizira a pansipo, ndipo zinkanamiza kuti ku ikweta kunali kozizirirapo. Zigoba za ku Tanzania zinanena madigiri pafupifupi 30 kapena kupitirira. Pamenepa umboni ndiwo unali wolakwa, ndipo mamodelo anapumako pang'ono. Koma nsonga za dziko zinakanabe. Mu 2011 Matthew Huber ndi Rodrigo Caballero anakwanitsa kuyandikira umboni wa pamtunda, koma ataika carbon dioxide wokwana magawo 4,480 pa miliyoni, kuchulukitsa ka 16 mlingo wa m'nthawi ya mafakitale asanayambe. Umboni wa m'miyala umaloza pakati pa 1,150 ndi 2,500.

Mu 2012 Dan Lunt wa ku Bristol anasonkhanitsa zotsatira zimene magulu anali nazo kale n'kuzitcha EoMIP. Zinali zokonzedwa mosiyanasiyana, vuto lomwe lija la PMIP lisanabadwe. Kuchokera pamenepo kunabadwa DeepMIP, nthambi ya PMIP imene mu 2017 inasindikiza ndondomeko imodzi: mapu amodzi a makontinenti, zomera zofanana, ndi milingo yogwirizana ya carbon dioxide. Mu 2019 Jiang Zhu, Christopher Poulsen ndi Jessica Tierney anaonetsa kuti modelo ya CESM1.2 ikutha kufika pa kutentha kwa Eocene ndi mpweya wogwirizana ndi umboni. Chinasintha chinali mitambo. M'modelo imeneyi dziko likamatentha mitambo ya m'munsi imapyapyala, dzuwa lambiri n'kufika pansi, kutentha n'kuwonjezereka. Mu 2021 DeepMIP inatulutsa zotsatira za mamodelo 8, ndipo atatu mwa iwo, CESM, GFDL ndi NorESM, anagwirizana ndi umboni pa kutentha kwa dziko lonse, kusiyana kwa ikweta ndi nsonga za dziko, komanso mlingo wa mpweya. Anapezanso kuti madigiri 3 mpaka 5 a kutentha kwa nthawiyo anachokera ku zinthu zina, monga kusowa kwa madzi oundana, nkhalango zofalikira ndi malo a makontinenti. Funso limene linasautsa anthu kwa zaka pafupifupi 40 linayamba kuyankhika, ngakhale kuti kum'mwera chakumadzulo kwa Pacific, cha ku New Zealand, umboni ukunenabe madzi otentha kuposa mmene mamodelo akuonetsera.

Nthawi yomweyo kunabuka nkhani imene inaonetsa phindu la ntchito yonseyi kwa anthu a lero. Mamodelo angapo atsopano a CMIP6, ntchito yotsatira CMIP5, ankanena kuti carbon dioxide akawirikiza kawiri, dziko lidzatentha ndi madigiri opitirira 5, nambala yoposa imene inkadziwika kwa zaka zambiri. Ikanakhala yoona, mapulani onse a maiko akanakhala ochepa. Imodzi mwa mamodelowa inali CESM2 ya ku NCAR, imene inkakhoza bwino nyengo ya masiku ano. Mu 2020 Zhu, Poulsen ndi Bette Otto-Bliesner, amene anali wa ku NCAR komweko, anaipatsa mayeso a Eocene. Inatulutsa mtunda wa ku ikweta wotentha madigiri opitirira 55, kutentha kumene masamba sangathe kupanga chakudya, pamene miyala ya nthawiyo ili ndi masamba a nkhalango zowirira. Ataiyesa ndi zaka 21,000 zapitazo inaziziritsa dziko ndi madigiri pafupifupi 11, pamene umboni umanena pafupifupi 6. Anatsata vutolo mpaka analipeza m'malamulo a mmene timibulu ta madzi oundana timapangikira m'mitambo. Atakonza, modelo inakhoza nyengo yozizira ija, ndipo nambala yake ya kutentha inatsikira pa madigiri pafupifupi 4.

Chimandikhudza mtima n'chakuti eni nyumba ndi amene anaulula kudontha kwa denga lawo. Sanadikire mlendo. Khalidwe limeneli ndi lomwe lija la pepala la 1999, ndipo sindikayika kuti zaka 30 za kuzolowera kulephera pagulu ndi zimene zinalikhwimitsa. Lipoti la IPCC la 2021 linagwiritsa ntchito umboni wa nyengo zakale ngati umodzi mwa mizati yake ikuluikulu, ndipo linakhazikika pa mfundo yakuti carbon dioxide akawirikiza kawiri dziko lidzatentha ndi madigiri 3, mwina pakati pa 2.5 ndi 4.

Chaka chomwecho PMIP linakwanitsa zaka 30, lili m'gawo lachinayi limene ndondomeko yake inalembedwa ndi Masa Kageyama ndi anzake mu 2018. Gawo limeneli lili ndi nthawi zisanu, kuphatikizapo zaka 127,000 zapitazo pamene dziko linali lofunda pang'ono chabe koma nyanja inali pamwamba ndi mamita 5 mpaka 10. Sahara ya zaka 6,000 zapitazo ikadali youma m'mamodelo ambiri kuposa mmene inalili, ndipo tsopano akatswiri akufufuza gawo la fumbi, nthaka ndi madambo. Mu 2021 Natalie Burls wa ku George Mason University anatsogolera kuyerekeza koyamba kwa Miocene, zaka pafupifupi 15 miliyoni zapitazo, pamene umboni wambiri umaika carbon dioxide pa magawo 400 mpaka 600 pa miliyoni, mlingo umene talowamo kale. Pa mlingo umenewo mamodelo anapereka dziko lozizirirapo kuposa limene zigoba ndi masamba a nthawiyo zikuchitira umboni, makamaka chakunsonga za dziko.